NDEMANGA: Laputopu Yaing'ono Tiifuna, Koma Tisaigule ndi Maso Okha

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, ndalama zimayamba kuoneka m'matumba mwa alimi, ndipo m'misonkhano ya makopaletivu ndi ya makomiti a parishi mumabuka nkhani zogula zinthu. Kale nkhani inali ya ngolo, njinga ya akatekisiti kapena malata a chalichi. Masiku ano pa mndandanda umenewu pawonjezeka laputopu. Mlembi wa kopaletivu aifuna kuti asunge maina a mamembala. Mlembi wa parishi aifuna kaamba ka kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati. Kholo nalo liifuna kaamba ka mwana amene aphunzira za makompyuta kusukulu.

Ife a nyuzipepala ino tigwirizana nawo onsewa. Koma taona kuti anthu akafika m'sitolo, maso amathamangira ku laputopu yopyapyala kwambiri, yopepuka ngati buku la nyimbo, yonyezimira ngati mbale yatsopano. Wogulitsa naye amayamba ndi yomweyo. Ndiye cifukwa cake lero tifuna kukamba mosabisa kuti kucepa kwa laputopu kuli ndi mtengo wake, ndipo zinthu zimene opanga amacotsamo kuti ipyapyale ndi zomwezo zimene munthu wa ku Petauke ndi ku Nyimba amazifuna kwambiri.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti laputopu yaing'ono ili ndi ubwino waukulu kwa ife. Nchito yathu yambiri siicitikira mu ofesi. Katekisiti amacoka pa parishi kupita ku masenta akumidzi panjinga. Mlangizi wa zaulimi amayenda pa njinga yamoto kucoka pa boma la Nyimba kulowa kwa Mfumu Nyalugwe kapena kwa Mfumu Luembe, m'misewu ya miyala ndi fumbi. Wa kopaletivu ya kwa Mumbi amakwera galimoto lodzaza matumba kupita pa boma la Petauke. Anthu amenewa sanganyamule kompyuta ya pathebulo. Afuna cipangizo colowa m'cikwama pamodzi ndi Baibulo ndi botolo la madzi.

Ndiponso nchito yofuna kompyuta yatipeza tisanaiitane. Kuyambira mu 2015 boma linayamba kuyesa njira yopereka feteleza ndi mbewu za pulogalamu ya FISP kudzera pa makadi ndi makompyuta, ndipo maina a alimi, manambala a zitupa za NRC ndi manambala a foni anayamba kusungidwa m'makina. Kalembera wa anthu wa mu 2022 anacitika ndi matabuleti m'malo mwa mapepala. M'masukulu, phunziro la makompyuta linalowa m'mayeso a giredi 9 mu 2015. Makolo ambiri akumbukira caka cimeneco, pamene ana m'masukulu ena analemba mayeso mpaka usiku kaamba kakuti makompyuta anali ocepa ndipo malaiti anali kuzima. Foni imathandiza kutumiza ndalama ndi mauthenga, koma yesani kulemba pa foni mndandanda wa mamembala 200, aliyense ndi mahekitala ake ndi matumba amene anapereka, mudzaona kuti laputopu si cinthu congodzionetsera.

Ciyembekezo ca laputopu yaing'ono ndi yochipa ya anthu akumidzi si catsopano ai. Mu 2005, katswiri wa ku America, Nicholas Negroponte, analengeza cikonzero copatsa mwana aliyense wa m'maiko osauka laputopu ya madola 100. Pa msonkhano wa ku Tunis caka comweco, citsanzo cake cinaonetsedwa pamaso pa Kofi Annan, amene anali mlembi wamkulu wa United Nations, ndipo cinali ndi cigwiriro copukusa ndi dzanja kuti cipange malaiti. Pamene laputopuyo, yochedwa XO-1, inayamba kupangidwa mu 2007, cigwiriro cija cinali citacotsedwa ndipo mtengo unali pafupifupi madola 200. Malo osungiramo zinthu anali gigabaiti 1 cabe. Maiko monga Uruguay, Peru ndi Rwanda anagula zambiri. Koma kafukufuku amene banki ya Inter-American Development Bank inatulutsa mu 2012 anapeza kuti ku Peru ana amene analandira malaputopuwo sanapambane anzao pa masamu ndi pa ciyankhulo. Cipangizo cokha, popanda mphunzitsi wodziwa nchito yake ndi munthu wocikonza, sicinasinthe kalasi.

Mu 2007 momwemo kampani ya Asus inatulutsa Eee PC, ya sikirini ya mainchesi 7, yosafika kilogalamu 1, yosunga magigabaiti 4. Anthu anaigula kwambiri cifukwa inali yochipa. Koma sipanapite zaka zambiri pamene anayamba kudandaula kuti mabatani ndi othinana, zilembo n'zazing'ono, ndipo malo adzaza msanga. Pofika kumapeto kwa 2012 mtundu umenewu unali utasiya kupangidwa. Mu Janyuwale 2008, Steve Jobs wa kampani ya Apple anasolola MacBook Air mu envulopu ya makalata pamaso pa anthu. Inali yokongola zedi, koma inalibe polowetsa CD, inali ndi kabowo kamodzi cabe ka USB, batire lake linali lotsekeredwa mkati, ndipo mtengo wake unali madola 1,799. Kucokera pamenepo makampani ambiri akhala akupikisana kupyapyalitsa malaputopu ao. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tiyeni tsopano tione matopewo limodzi ndi limodzi.

Coyamba ndi malo osungiramo zinthu. Mlimi aliyense adziwa kusiyana kwa nkhokwe ndi mphasa yoanikirapo. Nkhokwe ndi mmene cimanga cimakhala caka conse, pamene mphasa ndi pamene mumaika cokhaco cimene mufuna kugwirirapo nchito lero. Mu laputopu, nkhokwe ndi disiki, ndipo mphasa ndi cimene akatswiri amachula RAM. Zonse ziwiri amaziyeza ndi magigabaiti, ndipo pa cikwangwani ca mtengo amalemba kuti GB. Malaputopu ang'onoang'ono ochipa ambiri amabwera ndi nkhokwe ya 32 GB kapena 64 GB. Nambala imeneyi imamveka yaikulu, koma pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya Windows 11 payokha imafuna disiki yosacepera 64 GB kuti iloledwe kulowa, ndipo ikalowa imadya gawo lalikulu la malowo. Zili ngati kumanga nkhokwe imene theka lake ladzaza kale ndi mitengo yoigwira.

Kodi malo okwanira ndi angati? Zolembalemba sizidya malo. Mau onse a Baibulo, popanda zithunzi, safika ngakhale mamegabaiti 10, ndipo mu gigabaiti imodzi muli mamegabaiti 1,000. Maina a akhristu onse a parishi ndi a mamembala onse a kopaletivu angakwane pa kafulashi kakang'ono kwambiri. Cimene cimadya malo ndi zithunzi ndi makanema. Tsamba limodzi la kaundula mukalijambula ndi foni limatenga mamegabaiti 2 kapena 3, motero masamba 1,000 afuna pafupifupi 3 GB. Kanema wa ola limodzi, kaya ndi wa kwaya, wa ukwati kapena wophunzitsa kupanga manyowa, angadye gigabaiti yathunthu kapena kuposa. Misioni ngati ya Minga, imene inayamba m'zaka za m'ma 1920, ili ndi mbiri ya mibadwo ingapo ya mabanja. Parishi iliyonse imene ifuna kujambula mabuku ake akale ciswe cisanawadye, kapena sukulu imene ifuna kusunga mabuku ndi mapepala a mayeso akale, isagule laputopu ya nkhokwe yocepera 256 GB, ndipo mphasa yake isacepere 8 GB.

Wogulitsa adzakuuzani kuti masiku ano malo safunika kwambiri, cifukwa zinthu zimasungidwa pa intaneti. Zimenezi n'zoona kwa munthu wa ku Kabulonga amene intaneti siimucoka pakhomo. Kusunga zinthu pa intaneti kuli ngati kusunga cimanga canu m'nyumba yosungiramo katundu ya ku Lusaka. Cili bwino kumeneko, makoswe sacigwira, moto wa pamudzi sucifika. Koma tsiku limene mufuna ufa, mufunika msewu ndi ndalama yokwerera. Msewu ndiwo netiweki, ndalama yokwerera ndiyo mabandulo. M'mbali mwa msewu wa Great East netiweki imapezeka, koma mukatsikira kucigwa anthu amakwera pa culu kuti aimbe foni. Starlink inayamba kugwira nchito m'dziko muno mu 2023, koma mbale yake ndi malipiro a mwezi ndi mwezi si za senta iliyonse. Mayi amene wayenda makilomita ambiri kudzatenga kalata ya ubatizo wa mwana wake sangauzidwe kuti abwere mawa cifukwa netiweki yathawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Caciwiri ndi kukonzeka. Kuti laputopu ipyapyale, opanga ambiri amamatirira disiki ndi RAM ku bolodi lalikulu la mkati, kotero kuti simungazicotse kapena kuziwonjezera. Laputopu yokhuthalako imatseguka ndi sikuludiraiva. Disiki ikadzaza, mumagula yaikulu. Bolodi likapsa, wokonza amacotsa disiki, n'kuiika m'kompyuta ina, ndipo zolemba zanu zapulumuka. Koma pamene zonse zinamatiriridwa pamodzi, bolodi likafa limapita ndi kaundula yemwe. Ndipo wokonza zotere sapezeka pa msika uliwonse. Kucoka ku Petauke kufika ku Lusaka ndi pafupifupi makilomita 400. Mukawerengera ya basi, ya cakudya ndi masiku amene munda wakhala wopanda mwini, laputopu yochipa ija yasanduka yodula.

Cacitatu ndi batire ndi kutentha. M'thupi lopyapyala mulibe malo ambiri a batire kapena odutsa mphepo. Kucigwa ca Luangwa, mu Okutobala, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kutentha kumakalambitsa batire msanga. Batire lililonse limatha mphamvu pakapita zaka zocepa. Funso ndi lakuti: likatha, kodi lingasinthidwe pafupi, kapena linamatidwa ndi guluu? Sitinaiwale caka ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza cilala kuti ndi ngozi ya dziko lonse, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo malaiti anafika pozima maola 20 ndi kuposa patsiku m'madera ambiri. Midzi yathu yambiri ilibe n'komwe waya wa malaiti ndipo imadalira sola. Kwa ife batire si cinthu cacing'ono. Ndilo limanena ngati nchito icitika kapena ai.

Cacinai ndi timabowo tolumikizira. Malaputopu opyapyala kwambiri ali ndi timabowo tiwiri cabe ta USB-C. Koma purintala ya pa parishi, fulashi ya mphunzitsi ndi purojekita ya kusukulu zambiri zili ndi mitu yakale. Mudzafunika kugula kacipangizo kena kolumikizira, ndipo kameneko kamasowa tsiku lomwelo la msonkhano waukulu.

Cacisanu ndi maso ndi zala. Alembi athu ambiri a m'mipingo ndi m'makopaletivu ndi anthu acikulire, odalirika, amene amavala magalasi. Sikirini ya mainchesi 10 kapena 11 imawakakamiza kutsinzinira, ndipo nambala imodzi ya NRC ikalembedwa molakwika, mlimi angasowe feteleza nyengo yonse. Zala zozolowera khasu zifuna mabatani otakasuka. Sikirini ya mainchesi 13 kapena 14, pa laputopu yolemera pafupifupi kilogalamu ndi theka, imalowabe m'cikwama ndipo siizunza maso.

Comaliza, cinthu cacing'ono cimabedwa mosavuta. Mbala ikapita ndi laputopu ya kopaletivu, yapita ndi maina, manambala a zitupa ndi a foni za anthu mazanamazana, ndipo akathyali amene amaimba foni kunamiza anthu kuti atumize ndalama amafuna zinthu zomwezi. Kuyambira mu 2021 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa m'makompyuta. Amene wasunga maina a anzake wasenza udindo. Paswedi siiyenera kulembedwa pa kapepala komatidwa pa laputopu pomwepo.

Ena adzati: ngati zili conco, tingogula malaputopu akuluakulu a salaula, amene amatseguka mosavuta ndipo ndi ochipa. Pamenepanso ticenjere. Ambiri mwa amenewa ali ndi disiki yakale yozungulira ngati mbale ya galamafoni, imene imafa ikagwedezeka panjinga. Batire lake nthawi zambiri linatha kale. Ndiponso kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa masiku onse pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale saloledwa kulandira Windows 11. Salaula yabwino ilipo, maka-maka malaputopu olimba amene anali kugwira nchito m'maofesi, koma iyenera kuyesedwa wogula ali pomwepo. Tinenenso cilungamo kuti malaputopu atsopano ang'onoang'ono abweretsa zabwino zenizeni. Disiki ya mtundu wa SSD ilibe cozungulira mkati, motero imapirira mabampu. Ena alibe fani, kotero sakoka fumbi. Ambiri amadya malaiti ocepa kwambiri moti kasola ka panyumba kamawakwanira. Sititsutsa kucepa. Titsutsa kucepa kopitirira muyeso kumene kumagulidwa ndi zinthu zofunika.

Nanga ciyembekezo cathu pa malaputopu a mtsogolo n'ciani? Tifuna laputopu imene imatha tsiku lathunthu la nchito pa batire, ndipo batirelo munthu angalisinthe ndi sikuludiraiva. Tifuna nkhokwe yocotseka, kuti makina akafa mbiri ya anthu isafe nao. Tifuna chaja imodzi ya foni ndi laputopu, yotha kucokera ku batire la sola. Pa ici pali kuwala, cifukwa mu 2022 maiko a European Union anakhazikitsa lamulo lakuti mafoni, kuyambira kumapeto kwa 2024, ndi malaputopu, kuyambira mu Epulo 2026, azichajidwa ndi USB-C, ndipo zimene zimapangidwira msika waukulu ngati umenewo zimafika ndi kwa ife komwe. Tifuna sikirini yooneka pansi pa mtengo wa mango masana. Tifuna mapulogalamu ogwira nchito popanda intaneti, okhala ndi maphunziro a m'Cinyanja ndi m'Cinsenga. Zimenezi si maloto. Kuyambira mu 2021 kampani ya Framework imagulitsa laputopu yopepuka imene mwini wake angasinthe batire, disiki ndi timabowo tomwe. Mtengo wake ndi wokwera, koma yaonetsa kuti kupepuka ndi kukonzeka zingakhale m'nyumba imodzi.

Poyembekezera zimenezo, pali zimene tingacite ife eni. Makomiti a parishi ndi a makopaletivu, musanatulutse ndalama za copereka kapena za mamembala, khalani pansi mulembe nchito imene laputopuyo idzagwira, amene adzaisunga ndi kumene idzachajidwa. Mukafika m'sitolo funsani mafunso anai. Kodi nkhokwe ndi magigabaiti angati, ndipo ingacotsedwe? Kodi batire limatha maola angati, ndipo latsopano lipezeka kuti? Kodi ikafa, aikonza ndani, ndipo ali kuti? Kodi pepala la citsimikizo ndi la miyezi ingati? Wogulitsa akayamba kukwiya ndi mafunsowa, tulukani. Safunsa anadya phula. Ndipo pa ndalama zomwezo patulani zogulira cikwama cofewa ndi disiki yapadera kapena mafulashi awiri. Mwezi uliwonse koperani zonse, ndipo kopeyo igone m'nyumba ina, osati m'cikwama comweco ca laputopu.

Kwa aphungu athu a nyumba ya malamulo, makhansala ndi makomiti a thumba la CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, pempho lathu ndi ili: pogulira masukulu makompyuta, musawerenge mabokosi cabe kuti zithunzi za mwambo wopereka zikongole. Werengerani pamodzi sola, maphunziro a aphunzitsi ndi ndalama zokonzera. M'thumba lomweli muli gawo lolipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja. Tumizani ena akaphunzire kukonza makompyuta ndi mafoni, kuti pa boma la Nyimba ndi la Petauke pakhale anyamata ndi atsikana odziwa kusintha batire ndi disiki. Imeneyo ndi nchito kwa iwo, ndipo ndi mpumulo kwa ife.

Kwa amalonda, tipempha cilungamo cabe. Lembani pa cikwangwani kukula kwa nkhokwe, ndipo ngati cinthu n'cakale nenani kuti n'cakale. Mlimi amene mwamunamiza caka cino ndi yemweyo amene adzauza mudzi wonse.

Pothera, tikumbutsa alembi onse kuti buku la kaundula lisatayidwe. Mabuku amene ansembe ndi abusa oyamba analemba ndi inki awerengekabe lero, pamene makompyuta ambiri a zaka 15 zapitazo sayakanso. Laputopu ithandize buku kupeza dzina msanga ndi kusindikiza kalata yoyera, koma isalowe m'malo mwake. Ndalama ya laputopu ndi matumba ambiri a cimanga, nshawa ndi soya, ndi madengu ambiri a nthoci zogulitsidwa padzuwa pa Nyimba. Anthu amene anasonkha ndalamazo ali ndi ufulu wofunsa, pakapita zaka zisanu, ngati cipangizo cao cikali kugwira nchito ndiponso ngati maina ao akalimo. Komiti iliyonse igule laputopu imene idzailola kuyankha funso limenelo mopanda manyazi.